Njoka ya Apongozi

"Mmodzi atuluke m'nyumba muno," anatero Kalipentala, akumenya tebulo ndi chikhatho mpaka mabatani a mkazi wake anadumpha m'kachitini. "Kaya ndi njokayo, kaya ndi bambo akowo. Ine ndatopa kulozedwa zala pamsewu."

Telala sanaimitse makina ake osokera. Anangopondaponda, nsalu ya yunifolomu ikuyenda pansi pa singano, ndipo atafika pamapeto pa msoko anadula ulusi ndi mano n'kumuyang'ana mwamuna wakeyo.

"Tebulo limenelo munakhoma nokha. Mukalithyola mukonzanso nokha."

"Ndikulankhula zenizeni, mkazi iwe."

"Inenso sindikuimba nyimbo. Njoka ili m'bokosi, bokosi lili m'chipinda cha bambo, chipindacho n'chotseka. Yakulumani liti? Yakudyerani chiyani?"

"Yandidyera dzina! Lero ndapita kukapereka chitseko kwa mphunzitsi uja, mkazi wake wakana kuti chilowe m'nyumba. Akuti chiyambe chagona panja, abusa achipempherere kaye. Chitseko! Thabwa!"

Telala anaphulika kuseka, ndipo kusekako n'kumene kunamupsetsa mtima kwambiri mwamunayo. Koma mumtima mwake mayiyu sankaseka ayi. Iyenso anali ataona kuti azimayi a pachitsime akamuona akubwera, nkhani imatha mwadzidzidzi ndipo aliyense amayamba kutsuka ndowa yotsukatsuka kale.

Bambo ake a Telala anagwira ntchito moyo wawo wonse kumalo kumene amasunga nyama zakutchire kuti anthu azikaona, ndipo mbali yawo inali ya njoka. Mkazi wawo atamwalira, mawondo atayamba kukana, mkuluyo anabwera kudzakhala kwa mwana wake ali ndi chikwama cha zovala, wailesi, ndi bokosi lagalasi kutsogolo. M'bokosimo munali njoka yofiirira, yaitali ngati mkono wa munthu, ya mtundu uja umadya makoswe ndipo ulibe ululu. Mkuluyo ankaitcha Dona. Anthu a m'deramo sanachedwe kumupatsa nayenso dzina, anangoti a Njoka.

Koma abale, pakamwa pa anthu! Ena ankati Dona amatuluka kukayamwa ng'ombe za eni. Ena ankati ndi mkazi wa mkuluyo, sanamwalire, anangomusandutsa. Panalinso mayi wina wogulitsa makala amene ankalumbira kuti anaiona njokayo itavala ndolo. Njoka ilibe ndi makutu omwe, koma ndolo anaziona ndithu.

Chitseko cha kuchipinda chinalira, ndipo mkuluyo anatuluka atatsamira ndodo yake.

"Ndamva zonse, apongozi," anatero mofatsa. "Makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Dona wangayu simungamuope. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mulu wa zidutswa za matabwa ndi utuchi uli kuseri kwa shedi yanu. Makoswe amanga mudzi mmenemo, ndipo pamene pali makoswe alendo oipa sachedwa kufika. Muuchotse."

"Mwamva?" Kalipentala anatembenukira mkazi wake. "Ayamba kundiopseza pakhomo panga pomwe."

"Akukuchenjezani. Kuopseza ndi kuchenjeza simusiyanitsa?"

Mwamunayo anatola chipewa chake n'kutuluka, chitseko anachimenyetsa. Telala anawayang'ana bambo ake mokwiya.

"Nanunso bambo, anzanu amaweta nkhunda. Inu munasowa chiyani?"

"Nkhunda zimaononga denga," anatero mkuluyo, n'kubwerera kuchipinda.

Tinene zoona, Telala ankadana nayo njokayo. Chibadwire anali asanaikhudzepo njoka iliyonse, ndipo akalowa kukasesa m'chipindamo ankayamba waphimba galasi lija ndi chitenje. Koma kudana ndi njoka ndi nkhani ina, kuthamangitsa bambo ako okalamba ndi nkhani inanso.

Tsoka linagwa tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo. Telala ankadula kolala pamene anamva kukuwa kuseri kwa shedi. Anathamanga sizasi ili m'manja.

Anapeza anthu atazungulira kale. Pansi panali Kanyerere, mwana mmodzi yekhayo wa mlamu wake, mchemwali wa Kalipentala amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Mtsikanayo anali atapita kukatola zidutswa za matabwa zoti akolezere moto. Tsopano anali kugubuduka m'fumbi atagwira phazi, ndipo phazilo linali likutupa anthu akuona. Wina anali atang'amba kale chubu cha njinga n'kumanga mwendowo pansi pa bondo mothinitsa mpaka mnofu kulowa mkati. Wina ankasenda lezala m'kapepala kake.

Mkulu uja anafika akutsimphina, akupuma movutikira. Anawerama n'kuyang'ana phazilo.

"Mabowo awiri," anatero. "Iyi ndi mphiri. Masulani chubucho, chipha mwendo. Musateme, chonde musateme. Mwanayu apite kuchipatala pompano."

Mlamu uja, mayi wa mwanayo, anadzuka ngati wapondedwa.

"Choka apa, mfiti iwe! Wabwera kudzamalizitsa?"

Anamukankha pachifuwa ndi manja onse awiri. Mkuluyo anagwa chagada mu utuchi, ndodo inagwera kwina, ndipo pa anthu onse aja panalibe ngakhale mmodzi amene anawerama kuti amudzutse.

Telala magazi anamuthamangira kumutu. Sanafunse munthu. Anagwada, n'kulowetsa sizasi pansi pa chubu chija, khe! Kenako anamukwatula mwanayo n'kumubereka kumsana.

"Alamu, mukafuna kunditukwana munditsate, mukanditukwanire kuchipatala. Bambo, dzukani mukalowe m'nyumba mutseke chitseko."

Anathamanga naye mpaka kumsewu, kumene anaimitsa wanjinga yamoto. Njira yonse mtsikanayo ankalira pakhosi pake kuti, "Anti, ndifa? Anti, ndifa?" ndipo Telala ankangoti, "Sufa, gwiritsa."

Kanyerere sanafe. Koma phazi linada, linatuluka matuza, ndipo patapita masiku madokotala anadula zala ziwiri. Mtsikanayo atayamba kulankhula ananena kuti njoka imene inamuluma inali yonenepa, yaifupi, yamawangamawanga. Mayi ake anamutseka pakamwa.

"Njoka yotumidwa imasintha maonekedwe, iwe sudziwa kanthu."

Ndipo kumudzi nkhani inafika itatembenuzidwa kale. Ankati Telala anadula chubu dala kuti ululu wa njoka ya bambo ake uyende bwino m'thupi. Munthu amene anathamanga ndi mwana kumsana mpaka zidendene kung'ambika ndi amene anasanduka wakupha.

M'mawa wina Telala anapita kuseri kwa shedi kukataya phulusa, ndipo anapeza mwamuna wake akukumba dzenje mothamanga. Pambali pake panali chinthu chofundidwa ndi thumba. Mayiyo anakoka thumbalo ndi phazi, n'kudumpha chammbuyo.

Inali mphiri yakufa, yophwanyidwa msana ndi khasu. Inali yonenepa ngati mkono wa mwamuna wolima, mutu wake waphwatalala, wotambalala kumbuyo. Kukamwa kunali yasa, ndipo mano awiri aatali, opindika ngati singano zosokera matumba, anali atatuluka panja.

"Mwaipha pati?"

"Pansi pa matabwawa."

"Ambuye alemekezeke! Nyamulani, tiyeni nayo kwa achemwali anu. Aliyense aione."

Kalipentala sanasunthe. Thukuta linali kamukamu pamphumi ngakhale kunali kusanatenthe.

"Sindingathe."

"Ndikunyamulirani ndi fosholo."

"Sukumva, mkazi wanga. Njoka imeneyi ndinaiona kale. Mwana asanalumidwe, ndinaiona ikuwothera dzuwa pa thabwa ilo. Ndinati ichoka yokha. Ndinali ndi ntchito ya mipando ija, ndinati ndiotcha muluwu ndikamaliza. Ndiye tsiku lija mwanayo anabwera kudzapempha nkhuni, ine n'kumuuza kuti pita kuseri ukatole." Anatsamira khasu lake. "Ndinaiwala. Ndikulumbira, ndinaiwala."

Telala anaika pansi chidebe cha phulusa. Chisoni chinamugwira ndithu, pakuti mwamunayo ankamukonda mwana wa mchemwali wake ngati wake yemwe.

"Kuiwala aliyense amaiwala," anatero. "Kaneneni zomwezo. Alira, akutukwanani, mwina chaka chitha osakulankhulani, koma ndinu magazi amodzi."

"Mchemwali wanga sumudziwa. Ndi yekhayo amene ndatsala naye. Akadziwa, ndiye kuti ndafa kwa iye."

"Ndiye m'malo mwanu afe bambo anga?"

"Palibe amene awaphe. Angopita kwina, anthu aiwale, basi."

"Kwina kuti? Muwalozere. Ali ndi nyumba ina imene ine sindiidziwa?"

Kalipentala analisiya dzenje lija. Anatola njoka ija ndi khasu n'kuiponya pakati pa mulu wa zidutswa. Telala asanazindikire chimene chikuchitika, mwamunayo anali atakhutulira palafini n'kukhwatcha machesi. Utuchi wouma suchedwa. Moto unalilima, ndipo Telala anangoima kakasi, akuona umboni wonse ukupsa.

"Mwamuna iwe," anatero, ndipo aka kanali koyamba chikwatirane kumutchula kuti iwe. "Njoka waiotcha, koma pakamwa uli napo. Tsiku limene anthu adzabwere pakhomo pano, udzanena wekha. Ndikudikira."

Masabata otsatira anali owawa. Azimayi ankabwera kudzatenga nsalu zawo, zina zitadulidwa kale, zina zili ndi mkono umodzi. Mayi wina anatenga diresi lake ndi timitengo tiwiri kuopa kuligwira, n'kukalitentha kumsewu. Ana ankagenda denga akamachokera kusukulu. Mkulu uja anasiya kukhala pakhonde, wailesi yake inakhala zii. Ndipo aliyense ankakumbukira, ngakhale panalibe woitchula nkhaniyo mokweza, za gogo wina wa kutsidya kwa mtsinje amene anamutenthera nyumba chaka chatha iye ali momwemo.

Tsiku lina Telala atalowa ndi tiyi anapeza bambo ake atavala jekete, chikwama chili pabedi chomangamanga.

"Ulendo wa kuti?"

"Ndikakwere basi. Kumene ikandisiye ndi komweko."

"Ndi mawondo amenewa? Simungafike ndi pamsewu pomwe."

"Mwana wanga, banja lako likutha chifukwa cha ine. Ntchito yako yatha chifukwa cha ine."

Telala anaika kapu pansi, n'kumasula chikwama chija, n'kuyamba kubwezera malaya mmodzimmodzi pa chingwe.

"Ntchito yanga yatha chifukwa cha mabodza a anthu. Inu munandibereka, munandigulira makina amene ndikudyerawa. Simuchoka muno ngati wakuba. Koma bambo, bwanji osangoitaya kutchire njokayi? Mwina angakhale chete."

"Ndaganizapo. Ndikaitaya adzati ndaibisa. Ndikaipha adzati ndapha umboni. Wina akadzalumidwa chaka chamawa adzati yadzuka." Mkuluyo anagogoda galasi ndi chala, Dona n'kutulutsa lilime. "Taona kamutu kake, kakang'ono ngati chala changa. M'kamwamu muli timano tambirimbiri, tating'ono kuposa singano zako. Akakuluma amangosiya timadontho ta magazi tondondozana, ngati wakalidwa ndi minga. Mabowo awiri aja sangawapange ngakhale atafuna. Munthu atangoona ndi maso ake, nkhani yonseyi ikanatha."

Telala anasuzumira m'galasimo, thupi lonse likuchita tsembwe. Mawu omaliza aja anawasunga.

Anthu anabwera tsiku limene Kanyerere anatuluka m'chipatala. Anafika masana, gulu lalikulu, kutsogolo kuli mlamu uja atagwira mwana wake amene ankayenda ndi ndodo, phazi lili m'mabandeji. Pambali pake panali mneneri wina wovala mkanjo woyera, amene anali atapemphera kale kunyumba kwa mlamuyo n'kuona m'masomphenya chinthu chimene mudzi wonse unali utamuuza kale. Kumbuyo kunali anyamata onyamula zibonga, ndipo mmodzi anali ndi chigubu cha petulo.

Telala anatuluka n'kuima pakhomo, manja m'chiuno. Kalipentala anatuluka m'shedi n'kuima chapatali, randa yopalira matabwa ili m'manja.

"Takulandirani," anatero Telala. "Mipando ndi yochepa, mukhululuke."

"Sitinabwere kudzacheza," anatero mlamu. "Taona mwana wanga. Taona! Wopunduka, pa msinkhu umenewu. Titulutsire mfitiyo ndi chinjoka chake. Achoke lero dzuwa lisanalowe, apo ayi nyumba ino isanduka phulusa."

"Alamu, mwanayu ndinamubereka kumsana kwanga. Zala zakezo zikundiwawa ngati zanga. Koma amene anamuluma si wa m'nyumba muno."

"Mzimu waulula," anatero mneneri, akukweza dzanja. "M'nyumba umu muli chinjoka chakale lomwe, chimene chinanyenga..."

"Abusa, dikirani kaye, mzimu upume. Pali munthu pano amene ali ndi mawu." Telala anatembenukira kushedi. "Amuna anga, nthawi ija yakwana. Auzeni achemwali anu chimene munapha pansi pa matabwa."

Mitu yonse inatembenuka. Kalipentala anayang'ana mchemwali wake, anayang'ana phazi la mabandeji, kenako anayang'ana randa imene inali m'manja mwake ngati akuiona koyamba.

"Achimwene?" anafunsa mlamu. "Akunena chiyani ameneyu?"

"Sindikudziwa," anatero Kalipentala chapansipansi. "Ine ndinangootcha zinyalala."

Aa! Telala anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana. Ankadziwa kuti mwamunayo ndi wamantha, koma sankaganiza kuti angafike pomukana maso ndi maso. Anakuwa kuti, "Anapha mphiri! Ndinaiona ndi maso angawa!" koma mawu ake anamira m'phokoso. Wachigubu uja anayamba kumasula chitsekerero.

Pamenepo mayiyo anakumbukira mawu a bambo ake. Anathamangira m'nyumba, n'kulowa kuchipinda, n'kukankha chivundikiro cha bokosi.

"Ukutani?" anafunsa mkuluyo.

Telala anawerama pabokosipo. Anatsinzina n'kupisa dzanja. Ankayembekezera chinthu choterera, chonyowa, koma njokayo inali youma, yosalala ngati lamba watsopano. Inadzikulunga padzanja pake. Telala anatuluka nayo panja.

Gulu lonse linabwerera m'mbuyo, azimayi akukuwa. Mneneri anaponda mkanjo wake womwe, pang'ono agwe.

"Nayi!" anatero Telala, atakweza mkono. "Nayi njoka imene mukuti inadula zala za mwana. Yang'anitsitsani, musaphethire. Ngati ili ndi ululu, ndife ine pompano, ndipo mukatero muotche nyumbayi. Ngati sindifa, mupepese bambo anga mmodzimmodzi."

Anaika mkono wamanzere pakamwa pa njokayo. Dona, wozolowera manja a anthu, anangonyambita mpweya. Telala anamutsina kumchira mwamphamvu.

"Usamufinye, amva kuwawa!" anakuwa mkulu uja ali pakhomo.

Njokayo inatembenuka n'kumuluma pamkono, n'kusiya. Telala anakweza mkonowo kuti aliyense aone. Panali timadontho ta magazi tondondozana, mizere iwiri yopindika.

"Mabowo awiri ali pati? Alamu, senderani muone. Phazi la mwana munaliona, linatupa tikuyang'ana. Tiyeni tidikire limodzi."

Anadikira. Panali zii, nkhuku yokha ndi imene inkapalasa pafupi ndi shedi. Mkono sunatupe. Telala sanagwe, sanachite thovu, sanatembenuze maso. Mtima wake unayamba kutsika, ndipo anatsala pang'ono kumwetulira. Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti wapambana, pakuti munthu angakane bwanji chinthu chimene waona ndi maso ake?

Anali mayi wamakala uja amene anayamba.

"Siikumupha," ananong'ona. Kenako anakuwa, "Siikumupha! Ikumudziwa! Nayenso ndi mwini wake!"

"Mwaona!" anatero mneneri, mphamvu zitabwerera. "Mzimu sunama. Njoka siipha mbuye wake. Ufitiwu ndi wa bambo ndi mwana!"

"N'chifukwa chake anadula chubu!" anakuwa mlamu.

Telala anayang'ana nkhope zija imodzi ndi imodzi. Anali anthu amene anawasokera madiresi a ukwati, mayunifolomu a ana awo, ngakhale nsalu za maliro awo. Panalibe nkhope imene inkafuna umboni. Akanafa, akanati njokayo ndi yaululu. Wakhala moyo, akuti ndi mfiti. Anazindikira kuti wadzilumitsa pachabe, ndipo mwala woyamba unagwa pafupi ndi phazi lake. Wachiwiri unamenya chitseko, pafupi ndi mutu wa bambo ake. Fungo la petulo linamveka.

Koma anaonanso chinthu china. Onse ogenda aja ankagendera patali. Panalibe amene anayerekeza kusendera ngakhale phazi limodzi.

Ukali umene unamugwira pamenepo sanaumvepo chibadwire. Anatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda molunjika gululo, njoka ili patsogolo.

"Chabwino!" anakuwa. "Mwandigwira! Ndine mfiti, ndipo bambo angawa ndi ophunzira chabe, mwini wake ndine. Iwe wachigubu, ndikukudziwa, buluku wavalayo ndinasoka ndine, ndipo kansalu kotsala ndinasunga. Thira petuloyo uone ngati ufike kwanu ndi miyendo iwiri! Nonsenu miyeso yanu ndili nayo, m'chiuno, m'khosi, m'mapewa. Amene akhudze bambo anga, ngakhale kuwaponyera kamwala, ndimutumizira mlendoyu pamphasa pake. Abusa, tiyambe ndi inu, tagwirani!"

Anatambasula mkono. Mneneri anataya ulemu wonse, anakwinya mkanjo n'kuliyatsa liwiro. Chigubu chinagwa pansi, petulo n'kumwazika m'fumbi. Anthu anapondana pachipata, ena analumpha mpanda, mayi wamakala anasiya nsapato imodzi. Posakhalitsa pabwalo panangotsala zibonga ndi chigubu chija.

Kanyerere yekha ndi amene sakanatha kuthamanga. Anatsalira pakati pa bwalo, mayi ake akumukoka dzanja. Telala anabisa njoka kumbuyo n'kunena mofatsa, "Pita bwino, mwana wanga, usaponde mwala." Mtsikanayo anamuyang'ana ndi maso odzaza mantha, n'kukuwa, n'kubisa nkhope m'chitenje cha mayi ake. Zimenezo zinamupweteka Telala kuposa mano a njoka, ndipo misozi inatsika iye osafuna.

Kalipentala anali adakali pomwe paja. Anaika randa pansi n'kusendera pang'ono.

"Mkazi wanga, mkonowo... ndibweretse madzi?"

"Bwera udzatsuke."

Mwamunayo anayenda pang'ono, kenako anaima, maso ali pa mkono wa magaziwo ndi pa njoka ija. Sanapitirire.

"Nawenso?" anafunsa Telala. "Iwe amene unaipha mphiri ndi khasu lako?" Anaseka kuseka kowawa. "Tola chigubu cha anzakocho ukawabwezere."

Anakwera pakhonde n'kupereka njokayo kwa bambo ake. Mkuluyo anailandira, akuisisita pamene anaitsina paja. Nkhope yake inali yonyowa.

"Wanama, mwana wanga," anatero. "Wawapatsa chimene ankafuna kumva. Dzina limeneli silichoka. Udzakalamba nalo, udzafa nalo."

"Ndikudziwa."

"Palibe amene adzakubweretserenso nsalu. Pachitsime udzatunga wekha. Ukadzadwala palibe adzakuzonde."

"Ndikudziwa, bambo. Zoona ndinawauza, mwaona nokha zimene anachita nazo." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukoka mpando kuuika pakhonde, poonekera msewu wonse. "Khalani apa. Kuyambira lero muzikhala pompano, aliyense wodutsa azikuonani."

Mkuluyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Kumsewu anthu anali ataima m'timagulu, akusuzumira patali. Telala analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula makina ake osokera, n'kuwakhazika pambali pa bambo ake. Nsalu ya munthu analibe, choncho anang'amba chidutswa cha chitenje chake, n'kuchipinda m'mbali bwinobwino, n'kudzimanga pabala paja.

"Tsono tidzadya chiyani?" anafunsa mkuluyo.

"Zimenezo tiziona mawa," anatero Telala. "Lero mwatsala ndi moyo, ndipo mugona pabedi panu."